Njoka zoweta ndi nkhani ya kukweranitsa pachibale

Ku America ndi ku Ulaya kuli anthu oweta njoka m'nyumba zawo, ndipo imodzi mwa zogulidwa kwambiri ndi nsato yaing'ono yofatsa yotchedwa ball python, yochokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Ogula ambiri safuna yooneka ngati ya kutchire. Amafuna yachikasu, yoyera mbee kapena yamathothomathotho. Maonekedwe oterewa kawirikawiri amayambira pa njoka imodzi kapena zochepa zimene zinagwidwa kutchire zili zosiyana ndi zinzake. Bob Clark wa ku Oklahoma anaswetsa zachialubino zoyamba mu 1992, ndipo mu 1997 Peter Kahl anasonyeza kuti yamathotho oyera, yotchedwa piebald, imapatsira ana maonekedwe ake. Maonekedwe awiriwa amatuluka pokhapokha mwana akalandira jini yake (kanthu konyamula chibadwa) kwa bambo ndi mayi omwe. Ndiye woweta wofuna ndalama msanga amatani? Amabwezera mwana kwa kholo lake, kapena amakweranitsa ana oswedwa pamodzi.

Apa ndi pamene panabadwira mawu amene oweta ena amakonda, akuti chibale sichivulaza njoka monga chimavulazira nyama zoyamwitsa. Amati aswetsa mibadwo itatu kapena inayi osaona chilema, ndipo ambiri sanama. Koma zimene zinachitika ku Smygehuk, kummwera kwa Sweden, zikutsutsa mawuwa. Kumeneko kunali kagulu ka njoka zaululu za mtundu wa Vipera berus kamene kanatsekeredwa ndi minda m'kamalo kakang'ono m'mbali mwa nyanja, mwakuti zinkangokwerana zokhazokha. Ana ambiri ankabadwa akufa kapena opunduka, ndipo gululo linkacheperachepera. Mu 1992 Thomas Madsen ndi anzake anabweretsako zazimuna 20 zochokera kwina. Patapita zaka zochepa ana akufa anachepa, gulu linayamba kukulanso, ndipo zotsatirazi zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu 1999.

Chibale sichipanga jini yoipa. Chimangokumanitsa ziwiri zofanana zimene zinali zobisika. Mwana wa njoka ziwiri za bambo ndi mayi amodzi ali ndi mwayi wa 25 pa 100 woti pamalo alionse a majini ake alandire ziwiri zochokera kwa kholo limodzi lakale. Zikabwerezedwa, pa mbadwo wachiwiri mwayiwo umafika 37.5, pa wachitatu 50. Woweta amene makolo a njoka zake analibe zoipa zambiri zobisika amapulumuka, n'kumaganiza kuti wapeza lamulo la chilengedwe. Komanso ball python imaikira mazira ochepa, nthawi zambiri 4 mpaka 10, kamodzi pachaka kapena kudumphitsa. Dzira limodzi likasukusa, kapena kamwana kamodzi kakakana kudya n'kufa, mwini wake amati ndi tsoka chabe. Chimandiwawa ndi chimenechi: kuvulala kwa chibale kumayambira m'zinthu zimene anthu sawerenga, monga mazira osaswa, ana ofooka ndi zazikazi zobereka pang'ono, pamene maso onse ali pa khungu lokongola la ana opulumuka. Mlimi wa mbuzi amene amasintha tonde amadziwa kale zimenezi.

Palinso chikhulupiriro china chimene chimamveka chanzeru koma n'cholakwikanso, chakuti njoka iliyonse yopindika msana kapena yogwedera mutu ndi ya makolo apachibale. Mazira a ball python amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 31 mpaka 32 kwa miyezi iwiri, ndipo akatenthedwa mopitirira amatha kuswa ana opindika ngakhale makolo atakhala osadziwana n'komwe. Chitsanzo chopweteka kwambiri ndi cha mtundu wa ball python wotchedwa spider, umene unatulukira kwa oweta a kampani ya NERD ku New Hampshire cha m'ma 1999. Jini yake imodzi yokha ndi yokwanira kuti maonekedweyo atuluke, choncho oweta akhala akuikweranitsa ndi njoka zachilendo kwa zaka zambiri popanda chifukwa chobwerera ku chibale. Komabe njokazi zimagwedera mutu, zina zimapotokola khosi, kuphonya khoswe pomuluma, kapena kulephera kutembenuka zikagwa chagada. Ofufuza a ku Germany anapeza mu 2022 kuti m'kati mwa khutu la njokazi, mmene mumathandiza thupi kudziwa kumwamba ndi pansi, ndi mopangika molakwika. Vutoli limayenda pamodzi ndi maonekedwe amene ogula akufunawo, ndipo yaimuna yachilendo singalichotse. Mu 2018 bungwe la International Herpetological Society ku Britain linaletsa kugulitsa spider pa zionetsero zake, ndipo ine ndikuona kuti linachita bwino.

Nthenda ya stargazing mwa njoka zotchedwa corn snake, yochititsa ana kupendeketsa mutu chagada, ndi yosiyana. Imafuna majini awiri, ndipo inaonekera m'banja lotchedwa sunkissed. Imeneyi itha kupewedwa ngati woweta akulemba makolo a njoka iliyonse, mazira onse ndi amene sanaswe omwe, n'kuuza wogula poyera kuti njokayo ingakhale yonyamula jiniyo.