Za Kuleka Mowa: Ndani Ayenera Kunka Kucipatala?

Munthu akalapa kuledzera kwace, tiyambe taona mamwedwe ace. Wakumwa kamodzikamodzi akhoza kulekera kwao. Koma wakumwa kacasu masiku onse, amene manja ace anjenjemera mamawa kufikira atalawanso, asaleke mwadzidzidzi ali yekha. Pakuti thupi lace lazolowera mowa, ndipo m'masiku 4 oyamba akhoza kugwa ngati wakhunyu, kuona zoopsa zimene anzace saziona, ngakhale kufa kumene. Umenewu si ufiti ai, koma nthenda. Cifukwa cace, aphunzitsi ndi akuru a mpingo, mumperekeze kucipatala ca ku Dowa kapena ku Nchisi, akalandire mankhwala akutontholetsa thupi. Mumpempherere ndithu, koma mukumbukire kuti Luka yemwe anali sing'anga.