Galimoto yatsopano ya m'matope: m'mera mpoyamba

Nyengo ya mvula ikamayandikira, zipatala, mipingo, mabungwe ngakhalenso alimi amene zokolola zawayendera amaganiza zogula galimoto yolimba yoti izitha misewu ya kumudzi, monga Land Cruiser kapena Hilux. Ndalama zake si zamasewera, ena amathirapo penshoni yonse. Koma chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amaipweteka galimotoyo m'masabata awiri oyambirira, mapepala apulasitiki asanachoke n'komwe pa mipando.

Anthu amati, "Iyi ndi Cruiser, siiopa kanthu." Zoona, galimotozi n'zolimba. Mtundu wa Land Cruiser 70, umene timauona kwambiri ngati ambulansi, unayamba kupangidwa mu 1984, ndipo injini yake ya dizilo yotchedwa 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yakhala ikutumikira kuyambira 1990. Komabe injini iliyonse yatsopano imafuna nthawi yoti zitsulo zake zizolowerane. Amakaniko amati running in.

Nkhani yake ili chonchi. M'kati mwa injini muli mapisitoni amene amakwera ndi kutsika m'masilinda. Pisitoni iliyonse yavala maring'i amene amatseka mpata kuti mphamvu isathawe komanso oyilo asakwere kukapsa ndi dizilo. Kufakitale, makoma a silinda amawasiya ndi timizere ting'onoting'ono topingasana. Timizereto timasunga oyilo ndipo timanola maring'i pang'onopang'ono mpaka atakhala bwino. Ntchito yonolayi imachitika makamaka m'makilomita oyambirira, ndipo ikalakwika sibwerera yokha.

Ife anamwino tikudziwa kuti mayi amene wachitidwa opaleshoni pobereka sitimulola kugona pabedi sabata yonse. Timamudzutsa msanga kuti ayende pang'onopang'ono, magazi aziyenda bwino. Koma sitimutumanso kuchitsime ndi ndowa pamutu. Injini yatsopano nayo ikufuna zomwezo: igwire ntchito, koma mwa muyeso.

Kulakwitsa kulipo kuwiri. Koyamba ndi nkhanza: kuponda moto mpaka pansi, kulongeza matumba a chimanga mpaka denga, kapena kukoka lole yotitimira tsiku lachiwiri. Injini imatentha kwambiri zitsulo zisanazolowerane, ndipo makoma a silinda amatha kukalika. Kwachiwiri ndi kuisasatitsa. Pali madalaivala amene amaisiya ikulira itaima kwa ola lathunthu, ati ikuzolowera. Ayi ndithu. Injini ya dizilo ikamalira popanda ntchito, maring'i sakanikizika mokwanira, makoma aja amasalala ngati galasi, ndipo mapeto ake imayamba kudya oyilo ndi kutulutsa utsi wobiriwira ikadali yatsopano.

Tsono tichite bwanji? Mabuku a malangizo a galimoto zambiri za Toyota amanena zinthu zitatu. Pa makilomita 300 oyamba, pewani kuponda mabuleki mwadzidzidzi pokhapokha ngati pali ngozi. Pa makilomita 800 oyamba, musakoke ngolo. Pa makilomita 1,000 oyamba, musathamange kwambiri, musanyamuke mwaliwiro, musayende nthawi yaitali pa giya yaing'ono, komanso musayende mtunda wautali pa liwiro limodzimodzi. Makilomita 1,000 si ambiri, abale. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira pang'ono 300, ndiye ndi maulendo atatu ndi kakuti. Mitundu ina ya galimoto ili ndi manambala ake, choncho tsegulani buku limene mwapatsidwa, musangolitsekera m'kabati.

Langizo la liwiro limodzimodzi lija ambiri limawadabwitsa. Tanthauzo lake n'lakuti pa msewu wa M1 muzisinthasintha, pena 60, pena 80, kenako n'kuchotsa phazi pang'ono. Pa chitunda monga cha Golomoti kapena pokwera kuchokera ku Chikwawa, musaikakamize pa giya yaikulu mpaka iyambe kunjenjemera. Tsitsani giya msanga kuti ipume bwino. Zokwera Gorodi wa ku Livingstonia mutadzaza katundu, kapena kulimbana ndi matope pa L4 kwa maola, zidikire kaye mpaka makilomita aja akwane.

M'mawa uliwonse, galimoto ili pamalo osapendekeka ndipo injini isanalire, yezani oyilo ndi madzi, ndipo suzumirani pansi ngati pali chodontha. Mukailiza, dikirani pang'ono chabe kenako nyamukani modekha, chifukwa injini imafunda bwino ikuyenda. Ngati ili ndi turbo, monga injini ya malita 2.8 ya Hilux, musaizimitse pomwepo mukangofika kuchokera pa chitunda kapena ulendo wothamanga. Ipatseni mphindi imodzi. Tsiku la sevisi yoyamba musaliphonye, pakuti oyilo woyamba amatola tizitsulo tanthenya tochokera kokunolana kuja. Poti misewu yathu ndi yafumbi, uzani makaniko aonenso sefa ya mpweya.

Palinso mbali ina imene mabwana amaiiwala: ndani akuyendetsa makilomita oyambawo? Ngati galimoto yatsopano ikubwera yoyenda yokha kuchokera kudoko la Dar es Salaam, pofika pa Songwe imakhala itayenda pafupifupi makilomita 900. Ndiye kuti pafupifupi nthawi yonse yofunikayi yathera m'manja mwa munthu waganyu amene akuthamangira kukatenga ina. Tumizani dalaivala wanu wodalirika, mum'patse masiku okwanira ndi ndalama yogonera panjira, kapena galimotoyo ibwere itanyamulidwa.

Malangizowa akukhudzanso inu amene mwangopangitsa ovaholo injini yakale, chifukwa maring'i atsopano nawo amafuna kunoleka. Chimodzimodzinso njinga zamoto za alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi. Zambiri mwa izo buku lake limati oyilo asinthidwe pa makilomita 1,000 kapena asanakwane.

Kwa inu ana anga oyendetsa ambulansi, ndikudziwa kuti wodwala akafika povuta simungawerenge makilomita. Moyo wa munthu ndiwo woyamba. N'chifukwa chake ndikupempha akuluakulu a zipatala kuti ambulansi yatsopano izithera makilomita ake oyamba pa maulendo odekha, monga okatenga mankhwala kapena oyendera zipatala zing'onozing'ono, yakale ikugwirabe za mwadzidzidzi. M'zaka zanga za unamwino ndinaona kuwawa kwake galimoto ikafa pakati pa dambo usiku, mayi akutaya magazi kumbuyo. Masabata awiri kapena atatu odekha ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi usiku woterowo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.