Ndende imakonza bwanji munthu?

Bwalo la majisitireti ku Mwanza likagamula kuti munthu akagwire ukaidi wa zaka 3, achibale amayamba kuwerenga tsiku lotuluka. Ndi ochepa amene amafunsa kuti zaka zimenezo azizigwiritsa ntchito yanji. Chonsecho amene wavala foya lero ndi yemweyo tidzakumane naye pamsika, pachigayo kapena pamsewu wa ku Zobue akadzatuluka.

Lamulo lalikulu la dziko lino, pa gawo 42, limati womangidwa asungidwe mwaulemu, adye mokwanira ndipo alandire chithandizo akadwala. Gawo 169 lidakhazikitsa bungwe loyendera ndende, lomwe limatsogoleredwa ndi jaji, ndipo mkaidi atha kudandaula kwa ilo. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti lidapeza kuti kuthithikana ndi njala m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu, ndipo lidapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Nkhaniyi ndi maziko a zonse. Munthu amene wagona chokhala usiku wonse, atadya nsima kamodzi, sangagwire masamu m'kalasi.

Nanga chimene chimasintha munthu n'chiyani? Anthu ambiri amakhulupirira kuti ntchito yakalavulagaga ndi kuopseza ndiye mankhwala. Kafukufuku sakugwirizana nazo. Ku America kudali ndondomeko ya Scared Straight, yotengera achinyamata kundende kuti akaidi akawaopseze. Atawalondola, zidapezeka kuti ambiri mwa iwo adapalamula kuposa anzawo amene sadapiteko. Koma mu 2013 bungwe la RAND lidasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti akaidi amene adaphunzira ali m'ndende, mwayi wawo wobwererako udatsika ndi 43 pa 100. Akatswiri a ku Canada, Don Andrews ndi James Bonta, adaonetsa mu 1990 kuti thandizo limagwira likalunjika pa chimene chidamupalamulitsa munthuyo, ndipo lochuluka lipite kwa amene ali pachiopsezo chachikulu chobwereza.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kuno kwathu. Taonani mnyamata amene wagwidwa ndi matumba a makala panjinga pamsewu wa M6. Vuto lake ndi kusowa pogwira. Akatuluka wopanda luso, adzabwerera kunkhalango ya Thambani ndi nkhwangwa yomweyo. Iyeyu akufunika ukalipentala, kuwotcherera, kusoka, kapena kumezanitsa mbande za manachesi, zomwe zili ndi msika pakhomo pomwe. Koma bambo amene adavulaza mkazi wake ataledzera, ukalipentala wokha sungamuchize. Akufunika uphungu wa mowa ndi wa kuugwira mtima. Kuwapatsa onse awiri khasu limodzi kumunda wa ndende n'kungodutsitsa masiku.

M'ndende zikuluzikulu monga Zomba, Chichiri, Maula ndi Mzuzu muli sukulu, ndipo akaidi amalemba mayeso a MANEB mpaka a Fomu 4. Nthawi zambiri aphunzitsi amakhala akaidi anzawo ndi asilikali a ndende, choko ndi mabuku zili zoperewera. Bungwe la Prison Fellowship Malawi lili ndi nyumba ku Balaka komwe ena amaphunzira ntchito zamanja akatsala pang'ono kubwerera kwawo. Ana sayenera kusakanizidwa ndi akuluakulu. Malo awo ndi monga Mpemba ndi Chilwa.

Pali njira zinanso zimene wachibale ayenera kuzidziwa. Mkaidi wosunga mwambo amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, kotero wa zaka 3 atha kutuluka patatha zaka 2. Pa milandu ing'onoing'ono, khoti litha kulamula kuti munthu azigwira ntchito yosalipidwa pachipatala kapena pasukulu, akugona kwawo ndi kulima munda wake. Ine ndimaona kuti njira imeneyi tikuigwiritsa ntchito mochepa kwambiri. Ngati m'bale wanu wakhalitsa pa limandi, funsani alangizi a zamalamulo a PASI, amene akhala akuyendera ndende kuyambira mu 2000, kapena ofesi ya Legal Aid Bureau. Amathandiza pa za belo, ndipo nthawi zina majisitireti amakakhala kundende komweko n'kuunika milandu yochedwa.

Mukapita kukaona mkaidi, musangosiya ufa ndi sopo pageti. Funsani mkulu wa ndende kuti pali maphunziro anji, ndipo ngati palibe oyenera, funsani ngati n'kotheka kumusamutsira kumene aliko. Kope ndi cholembera n'zotsika mtengo. Tsiku lotuluka likayandikira, kakambiranenitu ndi a mfumu, a mpingo, ngakhalenso banja limene lidalakwiridwa, chifukwa masabata oyambirira ndiwo ovuta: ndalama palibe, munda udalowa thengo, ndipo mbuzi ikasowa m'mudzi aliyense amayang'ana iye. Akafika, wina akhale atakonza kale pogona, ndi mmisiri amene wavomera kumutenga pa ganyu.