Kodi Wodala Ndani M'chiphunzitso cha Chikhristu?

Pakati pa Akhristu ambiri, munthu amene wadzaza nkhokwe, wapeza ntchito kapena waona mwana atadikira zaka zambiri ndiye amatchedwa wodalitsika, ndipo maganizo amenewa ali ndi maziko m'Baibulo. Mutu 28 wa Deuteronomo umalonjeza Aisraele omvera malamulo zokolola zochuluka, ziweto zoswana ndi mvula yogwa pa nthawi yake, pomwe osamvera umawachenjeza za chilala, miliri ndi ukapolo. Pamenepa dalitso, lomwe ndi ubwino umene Mulungu amachitira munthu mwa kukoma mtima kwake, likuoneka ndi maso.

Vuto limabuka munthu akatembenuza chiphunzitsochi n'kumati wolemera aliyense ngwolungama ndipo wovutika aliyense ngwochimwa. Buku la Yobu limatsutsa zimenezi, pakuti munthu wosalakwayo atataya ana ndi chuma, nakhala paphulusa akukanda zilonda zake ndi phale, abwenzi ake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, analimbikira kunena kuti pali tchimo limene akubisa, koma pamapeto pake Mulungu anadzudzula abwenziwo.

Yesu ndiye anasanduliza muyeso wonse pa ulaliki wa paphiri, wolembedwa mu Mateyu 5, pamene anatcha odala anthu amene dziko siliwasirira: osauka mumzimu, ndiko kuti ozindikira kuti alibe chodzitamandira nacho pamaso pa Mulungu, achisoni, ofatsa, anjala ndi ludzu la chilungamo, achifundo, oyera mtima, oyanjanitsa anzawo ndi ozunzidwa chifukwa cha chilungamo. Luka 6 imalankhula mosabisa mawu, popeza imatchula osauka ndi anjala enieni, kenako n'kulengeza masoka anayi kwa olemera, okhuta, oseka ndi otamandidwa ndi anthu onse. Sikuti umphawi kapena maliro zili ndi ubwino pazokha (anthu oti m'nyumba mwawo muli mwanaalirenji amafulumira kuyamikira umphawi wa ena), koma kuti amene alibe pena podalira ali pafupi ndi ufumu wa Mulungu, umene ndiwo dalitso lenilenilo. Ngakhale mtumwi Paulo anapempha katatu kuti chomusautsa m'thupi chichoke, koma anauzidwa kuti chisomo chimukwanira.

M'zaka za m'ma 1900 kunabuka ku America chiphunzitso chotchedwa uthenga wa kulemera, chimene chimati thanzi ndi chuma ndi gawo la wokhulupirira aliyense. Alaliki monga Oral Roberts ndi Kenneth Hagin, onse awiri ogwira ntchito yawo ku Tulsa, anachifalitsa kwambiri, ndipo Roberts anatchukitsa mwambo wobzala mbewu, kutanthauza kupereka ndalama poyembekezera kuti Mulungu abweza zochuluka. Chiphunzitsochi chinafika m'mizinda yambiri ya mu Africa, kumene chimakoka mtima wa munthu amene akusowa fizi ya mwana kapena ndalama ya mankhwala, ndipo munthu wotere sayenera kunyozedwa. Choipa chake n'chakuti wodwala amene sanachire amatsala ndi mlandu wosowa chikhulupiriro, womwe ukufanana ndi mlandu uja anapatsidwa Yobu.

Atsogoleri a mipingo ya chievanjeliko a gulu la Lausanne atasonkhana ku Cape Town mu 2010, chikalata chimene chinatuluka pamsonkhanowo chinavomereza kuti Mulungu amachiritsa ndi kupatsa anthu zosowa zawo, koma chinakana kuti chuma nthawi zonse chimasonyeza dalitso, chifukwa ena amachipeza mwa kupondereza anzawo, chinyengo kapena katangale.