KODI x NDI y TIDZAPITA NAWO KUTI? TAONANI BOKOSI

M'kalasi ya masamu mumamveka kawirikawiri madandaulo akuti: "Kodi x ndi y amenewa tidzapita nawo kuti?" Ena amafika pogonja, n'kumati masamu si gawo lawo. M'nkhani ino ndifuna kuyankha funsoli pofotokoza m'mene anthu amakonzera timabokosi ta matabwa pa kompyuta ndi kutidula ndi makina otchedwa laser.

Tiyambe ndi makinawo. Laser ndi kuwala kwamphamvu kosonkhanitsidwa pa kadontho kamodzi, monga m'mene galasi lokuzira zinthu limasonkhanitsira dzuwa mpaka pepala kuyamba kufuka. Laser yoyamba anaipanga ndi Theodore Maiman mu 1960. Mu 1964 Kumar Patel anapanga ina yogwiritsa ntchito mpweya wa carbon dioxide, ndipo mtundu umenewu ndiwo umadula matabwa opyapyala, makatoni ndi zikopa. Makinawa alibe sowo kapena tchizulo. Kuwalako kumangotsata mzere wojambulidwa pa kompyuta, n'kumaotcha kanjira kakang'ono zedi. Makinawa samaganiza. Ukajambula molakwa, iwonso amadula molakwa.

Bokosi lotere silifuna misomali. M'mbali mwa thabwa lililonse mumadulidwa mano, ndipo mano a thabwa ili amalowa m'mipata ya thabwa linzake, monga zimachitira zala tikapinda manja. Guluu pang'ono, basi bokosi lalimba. Koma kuti manowo alumane bwino, kutalika kwake kuyenera kufanana ndendende ndi kuchindikala kwa thabwa.

Tsono nachi chitsanzo. Tinene kuti tikufuna kabokosi kosungiramo mapensulo, kotalika mamilimita 150 m'kati mwake, ndipo tidzagwiritsa ntchito plywood wochindikala mamilimita 3. Kunja kwake kadzatalika 150 kuphatikiza 3 wa mbali ino ndi 3 wa mbali inayo, ndiye kuti 156. Tikagawa 156 m'zigawo 13, dzino lililonse ndi mpata uliwonse zikhala za mamilimita 12. Tajambula zonse, takondwa. Kufika kusitolo, tipeza kuti plywood wa 3 watha, watsala wa mamilimita 4. Apa 156 uja wasanduka 158, mano ayenera kutalika 4, ndipo chigawo chilichonse chakhala pafupifupi 12.15. Munthu amene anajambula dzino lililonse palokha ayenera kufufuta matabwa onse asanu ndi limodzi ndi kuyambiranso.

Apa ndi pamene mapulogalamu otchedwa parametric amaonetsera phindu lake. M'malo molemba 156, wojambula amalemba lamulo: kutalika kwa kunja ndi x + 2t, pomwe x ndi kutalika kwa m'kati ndipo t ndi kuchindikala kwa thabwa. Kutalika kwa dzino ndi t. Kukula kwa dzino ndi x + 2t kugawa ndi 13. Miyeso yonse yamangiriridwa pa inzake ngati mikanda pa ulusi umodzi. Akasintha t kuchoka pa 3 kufika pa 4, kompyuta imajambulanso bokosi lonse nthawi yomweyo. Wina akafuna bokosi lalikulupo losungiramo choko, angosintha x. Kodi izi si zomwe timachita m'kalasi, kuika nambala m'malo mwa chilembo?

Palinso chilembo china chofunika. Kalipentala aliyense amadziwa kuti sowo imadya thabwa ndi kulisandutsa utuchi. Laser nayo imadya, kawirikawiri pakati pa mamilimita 0.1 ndi 0.2. Zikuoneka zochepa, koma taonani: ikadya 0.2, dzino limachepa ndi 0.2 ndipo mpata wake umakula ndi 0.2. Pamenepo patsala danga la 0.4, ndipo bokosi limagwedera ngati dzino la mwana. Choncho wojambula wanzeru amayamba wadula kachidutswa koyesera, n'kuyeza zomwe makina adya, n'kuika nambalayo m'lamulo lake kuti mizere yonse isunthe pang'ono. Amayezanso thabwa lenilenilo, pakuti lolembedwa 3 nthawi zina limaposa kapena kuperewera pang'ono, ndipo m'nyengo ya dzinja thabwa limamwa chinyontho n'kufufuma. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Nzeru yomangirira muyeso pa muyeso unzake si yachilendo kuno kunyanja. Amisiri okhoma maboti a matabwa ku Mpwepwe ndi m'madooko ena a Mangochi amadziwa kuti boti ukalitalikitsa, m'mimba mwake, kuya kwake ndi kuchuluka kwa nthiti zake ziyeneranso kusintha, apo ayi lidzavuta pa mwera. Telala wa pamsika naye akayeza chifuwa amadziwiratu kukula kwa mapewa. Iwowa malamulo awo ali m'mutu ndi m'manja. Chomwe kompyuta yaonjezera n'chakuti lamulolo limalembedwa, kotero munthu wina angalitenge, kuliwerenga ndi kulikonza. Maganizo amenewa pa kompyuta anayamba ndi Ivan Sutherland, yemwe mu 1963 anapanga pulogalamu yotchedwa Sketchpad.

Nanga kuno ku Malawi? Mu 2016 sukulu ya Polytechnic ku Blantyre, yomwe tsopano ndi MUBAS, inatsegula chipinda chopangiramo zipangizo mogwirizana ndi Rice University ya ku America. M'chipindamo anaikamo makina a laser ndi ena, kuti ophunzira azipanga ndi kuyesa zipangizo zothandiza m'zipatala zathu. Kachipangizo ka mawaya kamafuna kabokosi kokateteza, ndipo kabokosiko kamasinthidwa kangapo ntchito isanathe. N'chifukwa chake kujambula ndi malamulo kumapulumutsa nthawi ndi matabwa omwe.

Makinawa ndi okwera mtengo, amafuna magetsi, ndiponso ali ndi zoopsa zake. Sayenera kusiyidwa akudula popanda munthu, chifukwa thabwa limatha kuyaka. Pulasitiki wa PVC, wonga wa mapaipi, sadulidwa ndi laser konse popeza amatulutsa mpweya wapoizoni. Koma kuphunzira kujambulako sikudikira makina. Mapulogalamu a OpenSCAD ndi FreeCAD ndi aulere, ndipo pa intaneti pali Boxes.py yomwe imajambula mabokosi munthu akangoipatsa miyeso. Ngakhale opanda kompyuta angathe kuyamba ndi pensulo, rula, katoni yakale ndi lezala.

Choncho anzanga, yesani izi pa holide ikubwerayi. Lembani malamulo a bokosi lanu ndi x, y ndi t, dulani katoni, kenaka sinthani t pogwiritsa ntchito katoni yochindikala, muone ngati mano alumanabe. Inu makolo, mwana akapempha katoni ndi rula musamuyese wosewera. Mmera mpoyamba.