Nthawi Yokolola Artemisia

Alimi anzathu, mbeu ya Artemisia siilingana ndi cimanga cimene ciumira m'munda. Mphamvu yace yochedwa artemisinin, imene Mai Tu Youyou wa ku China anaipeza m'caka ca 1972, ndiyo apangira Coartem, mankhwala a malungo. Ikhala m'masamba, ndipo icuruka pamene timaluwa tayamba kuoneka koma tisanamasule. Mukacedwa kufikira njere zitakhwima, mphamvuyo itsika, masamba a m'munsi nayoyoka, mwalima pacabe. Tsono dulani msanga, nimuyanike pamalo posafika mvula.

Uzaninso abale a ku Matero ndi Kanyama kuti madzi a masambawa salowa m'malo mwa Coartem, pakuti palibe angayese mphamvu yace m'kapu. Mwana wa malungo apite ku cipatala tsiku lomwelo.