Zithunzi zitatu za pabalaza pa amayi

Achimwene anga ali ku Joni. Kwa zaka zinayi akhala akutumiza ndalama za njerwa, simenti ndi malata, ndipo nyumba ya amayi kuno ku Nguludi yatha tsopano. Iwo sanaionebe ndi maso. Pa WhatsApp anangoti: "Iwe, undijambulire pabalaza, phiri la Malabvi lionekere pazenera paja."

Ndinatenga Canon 600D yanga, yogula kwa munthu. Ndikatsata kuwala kwa m'nyumba, zenera limangoti mbee ngati pepala. Ndikatsata phiri, pabalaza pamada bii, mipando osaoneka.

Mankhwala ake ndi bracketing: kujambula malo amodzi katatu, china chakuda, china chapakati, china chowala, kenako n'kuziphatikiza pa kompyuta. Pa kamera yangayi amalemba AEB, ndipo ndinaika pa -2, 0 ndi +2. Vuto n'lakuti kamera isasunthe ngakhale pang'ono. Chala chikangodina batani, m'chipinda chamdima chithunzi chimatuluka chogwedera.

Tripod ndilibe. Ndinakhazika kamera pathumba la nandolo pamwamba pa tebulo, amayi akundiyang'ana ngati ndapenga.

Njira yosalira ndalama ndi timer ya masekondi awiri. Ukaiphatikiza ndi AEB, umadina kamodzi n'kuchotsa dzanja, kamera imajambula zitatu zonse yokha. Ambiri amene timajambula nawo maukwati sadziwa zimenezi, chonsecho zili m'kamera momwemo. Ngati mukufuna kuima patali, pali kachingwe kokhala ndi batani, kolowa pakabowo ka 2.5mm m'mbali mwa kamera. Ka Canon kamatchedwa RS-60E3, koma totsanzira totchipa timagwiranso ntchito. Amene kamera zawo zili ndi Wi-Fi angathe kudina pafoni kudzera pa Canon Camera Connect, yomwe ndi yaulere. Yanga ndi yakale, ilibe.

Koyamba ndinalephera. Mphepo inkagwedeza katani, ndiponso mwana wa achemwali anadutsa, n'kutuluka m'chithunzi ngati mzukwa wa mitu itatu. Njirayi imafuna zinthu zongokhala phee. Tinamanga katani, ana tinawatuma kudimba, n'kubwereza cha m'ma 4 koloko dzuwa litapendeka. Ndinaziphatikiza ndi Luminance HDR, pulogalamu yaulere.

Usiku womwewo achimwene anaimba. Anayamba akhala chete, kenako anafunsa chifukwa chimene khoma la kuseri kwa chitseko silinapakidwe penti kachiwiri. Foni ndinawapatsa amayi.